Kodi Ulemu wa Munthu Ucokera ku Mendulo?

Pa 19 July 1972, m'bandakuca, adani oposa 200 anaukira mudzi wa Mirbat, m'mphepete mwa nyanja m'dziko la Oman. M'mudzimo munali asilikari 9 a gulu lapadera la Britain lochedwa SAS, othandiza mfumu ya dzikolo. Mmodzi wa iwo anali Talaiasi Labalaba, mbadwa ya ku zisumbu za Fiji, wa zaka 30.

Iye anathamangira ku mzinga wofuna amuna angapo, nauomba yekha. Cipolopolo cinamlasa cibwano, koma sanacokepo. Mnzace wa kwao, Sekonaia Takavesi, anadzera pakati pa zipolopolo kudzamthandiza, nalasidwa iyenso. Pambuyo pace Labalaba analasidwa m'khosi, namwalira pomwepo. Koma mudzi sunagwe m'manja mwa adani.

Nkhondoyo inali ya m'tseri, pakuti boma la Britain silinafune kuti imveke. Labalaba sanapatsidwe Victoria Cross, mendulo yoposa zonse. Dzina lace linangochulidwa m'kalata ya akuru a nkhondo. Cifanizo cace anaciimika ku Hereford mu 2009, ndi cina ku Nadi, kwao ku Fiji, mu 2018, zitapita zaka 46.

Kodi nchito yace inali yocepa m'zaka zonse zija anthu anali cete? Iai ndithu. Mendulo icokera kwa olamulira, ndipo olamulira ayang'ana nyengo ndi zofuna zao. Koma cimene munthu anacita pa ora la msauko cikhala monga cinali, angakhale aciyamike, angakhale aciiŵale. Labalaba sanafunse ngati alipo womuona. Anadziŵa kuti mzinga ukakhala cete anzace adzatha.

Nanga kumkumbukira kupindulanji, popeza wakufa samva kuomba m'manja? Phindu lace ligwera amoyo. Mtundu umene uyamika munthu pokhapokha boma litayamba kumyamika wabwereketsa maso ace kwa ena, ndipo ana ace adzaphunzira kucita zabwino pamene pali oonerera pokha. Cifukwa cace munthu wanzeru salinda mendulo kuti azindikire wokhulupirika. Amzindikira mwa mai wocezera usiku ndi wodwala amene sali mbale wace, ndi mwa mdzukulu wokumba manda m'mvula. Nachula maina ao kwa ana ace, akali moyo eni acewo.