Kodi Chiyembekezo Chonse N'chopatulika?

Kuyambira zaka zingapo pambuyo pa mpikisano woyamba wa pa phiri la Wasserkuppe ku Germany mu 1920, anthu akhala akuuluka maulendo ataliatali pa ndege zopanda injini, atanyamulidwa ndi mpweya wofunda wokwera kuchokera pansi, monga ichitira miimba. Koma dzuwa likapendeka, mpweyawo nuzirala, iye amene ali kutali ndi bwalo ayenera kutera m'munda wa munthu wosamdziwa.

Ngozi zimabadwira pamenepo. Alipo mawaya amagetsi osaoneka kuchokera m'mwamba, ulipo mtsetse, ziliponso mbewu zazitali zokola phiko. Komatu choopsa choposa zonsezi chikhala mumtima mwa woyendetsa, amene, ngakhale aphunzitsi ake anamlangiza kuti asanatsike kufika mamita 300 akhale atasankha kale munda, amazungulirabe pafupi ndi nthaka poyembekeza mpweya wina womkweza, kufikira liwiro litachepa, phiko limodzi nkugwa, ndegeyo nkupota mpaka pansi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tinaphunzitsidwa kuti chiyembekezo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo sindikana. Koma Ambuye mwini, pamene woyesayo anamuimika pamwamba pa Kachisi, anakana kudziponya pansi, ngakhale lonjezo la angelo linali loona. Ndiyesa ine kuti kuyembekeza kumene kumatseka maso a munthu kuti asaone munda umene wapatsidwa ndiko kudzikuza kovala mwinjiro wa chikhulupiriro, ndipo woyendetsa wotera msanga pa chiputu cha tirigu, ulendo wake usanathe, ndiye wachita bwino.