Za Sitampa Yakale ndi Mtengo Watsopano

Mtengo wotumizira kalata ukakwera, pakhonde la positi ofesi pamabuka makani. Munthu ali nawo masitampa amene anagula kale, nawasunga m'bokosi kapena pakati pa buku la nyimbo, ndipo afunsa, Kodi awa afa? Ena ati, Atha ntchito, atayidwe. Ena ati, Ndinalipira kale ine, kalata yanga imuke chomwecho. Ife titi onse awiri asokera, ndipo tifuna kuonetsa chifukwa chake.

Tiyambe tafunsa kuti sitampa nchiyani. Kale ku Britain wolandira kalata ndiye kawirikawiri amalipira mtengo wake, kotero kuti aumphawi ena amabweza makalata a abale awo posowa ndalama. Rowland Hill ndiye analimbikira kuti wotumiza ayambe walipira. Ndipo m'chaka cha 1840 inatuluka sitampa yoyamba, yakuda, ya kobiri limodzi, yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Chotero sitampa ndiyo mboni ya zinthu ziwiri: kuti wotumiza wapereka ndalama yakuti, ndi kuti a positi alonjeza ntchito yolingana ndi ndalamayo.

Tsono mtengo ukakwera, mboniyo siisanduka yonama. Ngati pasitampa palembedwa 5, ndipo kalata ifuna 8, zisanu zija zikadali zisanu. Chotsala nkugula ina ya 3 ndi kuimata pambali pake. Wotaya yakaleyo wataya thukuta lake lomwe. Ndipo maiko ena aonetsa poyera kuti lonjezo lotere ndi lolemera. Ku America, m'chaka cha 2007, anayamba kugulitsa sitampa yotchedwa Forever pa masenti 41, imene itumiza kalata wamba ngakhale mtengo ukwere kangati. Ku Britain, pamene analeka kulandira masitampa ena akale m'chaka cha 2023, anali atatsegula kale njira yakuti eni ake awasinthe ndi atsopano osalipiranso, pakuti sikukanakhala chilungamo kulandira ndalama ya munthu ndi kumkaniza ntchito.

Koma uja wakuti, Ndinalipira kale, kulakwa kwake nkokulirapo, pakuti katundu wake amsenzetsa wina. Mwa lamulo lakale la positi ya Britain, kalata yoperewera mtengo imafika ndithu, koma wolandira amalipira kawiri ndalama yoperewerayo. Talingalirani mayi wokalamba amene wayenda mtunda wautali kukalandira mawu a mwana wake, namva kuti ayambe wamasula mfundo ya pansalu yake. Wolembayo anasunga makobiri atatu, koma mayi wake wataya asanu ndi limodzi. Kodi kumeneko ndiko kuchenjera?

Apa pali phunziro la pamoyo wathu. Tonse tili nawo malonjezo akale: la tsiku la ubatizo, la tsiku la ukwati, la tsiku limene tinavomera kulera mwana wamasiye wa mbale wathu. Tinawapanga zinthu zili zopepuka, ndipo lero mtengo wake wakwera. Mkazi wadwala nthenda yosatha msanga. Mwana uja wakula, afuna za sukulu. Chimanga chachepa m'nkhokwe. Pamenepo mayesero adza awiri omwe aja: kunena kuti lonjezo lakale latha mphamvu, kapena kunena kuti zimene tinachita kale zakwanira. Woyambayo aphwanya mawu ake. Wachiwiriyo asiya ngongole yake kuti ailipire wodwala ndi wamasiye, amene alibe pogwira.

Chifukwa chake, abale, tisataye chakale, ndiponso tisachiyese chokwanira chokha. Tifunse mtengo wa lero, tiwerenge chimene tili nacho, ndipo choperewera tiwonjeze ndi dzanja lathu, kuti wotiyembekezera alandire zathu wopanda mangawa. Mulungu atipatse mtima wokhulupirika m'zazing'ono zomwe.