Kodi Khola Losafuna Phindu Liyenera Kuwerenga Ndalama?

Mumzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, muli sukulu yakalekale yophunzitsa akavalo, dzina lake Spanische Hofreitschule. Nyumba yake yaikulu inatha kumangidwa m'chaka cha 1735, pa ufumu wa Charles VI. Akavalo ake oyera, a mtundu wa Lipizzaner, ankadya za m'nkhokwe ya mfumu. Ufumuwo utagwa m'chaka cha 1918, boma linatenga sukuluyo. Ndipo kuyambira 1920 ana a akavalowo amabadwira ku Piber. Koma m'chaka cha 2001 sukulu inapatulidwa ku maofesi a boma nikhala bungwe loima palokha, loyenera kudzipezera ndalama zambiri mwa zionetsero ndi alendo.

Tsono funso ndi ili: kodi nyumba imene siinamangidwe kuti ilemeretse munthu iyenera kulabadira za ndalama?

Alipo ena amene amati ntchito yokoma siifuna kuwerengera, ndi kuti kutchula ndalama pamenepo n'kuinyoza. Anthu otere asokera. Kavalo amadya tsiku ndi tsiku, alendo abwere kapena asabwere. Amayamba maphunziro ali ndi zaka 4, ndipo zimapita zaka ngati 6 asanakhwime; masiku onsewo afuna udzu, sing'anga ndi wosula nsapato zake. Pamene mliri wa Covid-19 unatseka zitseko m'chaka cha 2020, akavalo sanaleke kumva njala. Walira mvula walira matope: wofuna kusunga chinthu chokongola avomerenso mtengo wake. Kapitao wosadziwa zolowa ndi zotuluka sali woyera mtima kupambana anzake. Ali wosasamala chabe.

Komanso kuli dzenje lina ku mbali inayo. M'chaka cha 2021 bwalo loyesa mabuku a chuma cha boma la Austria linadzudzula sukuluyo, kuti chifukwa cha kusowa kwa ndalama akavalo ankagwiritsidwa ntchito mowononga thanzi lawo. Taonani m'mene zinthu zimatembenukira! Zionetsero zinayenera kudyetsa akavalo, koma akavalo ndiwo anasanduka odyetsa zionetsero. Ndipo amene analipira ngongoleyo ndiye amene alibe pakamwa podandaulira.

Chifukwa chake moyo wa bungwe lotere suyesedwa ndi buku limodzi, koma awiri. Loyamba linena ngati ndalama zikwanira chaka chino ndi chaka cha mawa. Lachiwiri linena ngati chinthu chimene nyumbayo inamangidwira chikali chamoyo ndi chosamalidwa. Buku loyamba likalephera, khola litsekedwa. Lachiwiri likalephera, khola likhala chitsegukire, koma lataya kale chifukwa chake chokhalira.

Ndalama ndi wantchito wabwino amene ayenera kuwerengedwa mokhulupirika. Koma tsiku limene wantchitoyo akhala pampando wa mwini nyumba, ofooka ndiwo ayamba kulira. Aliyense wosunga thumba la anthu, likhale la khola, la sukulu kapena la chipatala, adzifunse kawirikawiri: kodi ndani akusenza mtolo kuti mabuku aoneke bwino?