Khutba ya Jumu'a: Posiya ntchito ina kukayamba ina

Tikutamanda Allah, Mwini riziki, amene amadyetsa mbalame ya m'tchire ndi munthu wa m'mudzi. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tiope Allah pa zimene timadya ndi pa njira imene timazipezera.

Ife a kuno ku Moatize tauona mgodi wa malasha ukusintha eni. Vale inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan. Ku Benga, Rio Tinto inachoka mu 2014 n'kusiyira ICVL. Nthawi iliyonse zotere zikachitika, m'nyumba zambiri tulo timasowa. Ena kontirakiti yawathera, ena fumbi lawatopetsa chifuwa, ena akungofuna kuima paokha. Funso limene likutifika pambuyo pa swala ndi limodzi: kodi kusiya ntchito n'kusathokoza Allah?

Ayi. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anawetapo mbuzi ndi nkhosa, kenako anachita malonda ndi chuma cha mayi Khadija. Kusintha ntchito si tchimo. Choipa ndi kudumpha mumdima uli ndi ana pamsana, n'kumati ndiko kuyedzamira kwa Allah.

Taganizirani za Abdurrahman bin Auf. M'chaka cha 622 anafika ku Madina atasiya chuma chake ku Makka. Sa'd bin Rabi' anafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye anathokoza n'kupempha kuti angomulozera kumsika. Anayamba ndi zazing'ono, mafuta a mkaka ndi mkaka wouma, malonda amene ankawadziwa kayendetsedwe kake. Ife tikalandira ndalama zotsanzikira kukampani timathamangira kugula minibasi, pomwe mtengo wa tayala limodzi sitiudziwa. Pakatha miyezi yochepa galimoto yagona pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Choncho phunzirani ntchito yatsopanoyo yakale ikadali m'manja. Amene munkawotcherera zitsulo kumgodi, luso lanu likufunika pa mageti, mawindo ndi ngolo za ng'ombe. Yambani Loweruka, muone ngati ogula alipo. Amene mulibe luso la manja, IFPELAC imaphunzitsa ntchito zotere, ndipo palibe manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi anyamata uli ndi imvi. Mneneri Dawud anali mfumu, komabe ankadya za thukuta la manja ake.

Sungani chakudya cha miyezi ingapo musanatsanzike, monga Mneneri Yusuf anasungitsira tirigu wa zaka zokolola kudikira zaka za njala. Funsani amayi a kunyumba, pakuti mphika ukapanda kanthu ndiwo amayamba kuona; kukambirana ndi sunna. Kenako swalini istikhara. Ndipo pochoka, chokani mwaulemu: dziwitsani akuntchito nthawi ikadalipo monga lamulo linenera, bwezani zipangizo zawo zonse, ngakhale sipanala imodzi, chifukwa ndi amana. Tengani chikalata chosonyeza zaka zimene mwagwira. Musaiwale INSS: wodzilemba yekha ntchito amaloledwa kupitiriza kusonkha, kuti zaka zanu zisatayike.

Kwa abale a ku Zóbuè, ndi onse amene maso ali pa malonda a pachipata cha Mwanza, mawu athu ndi olemerako. Mbatatesi ndi tomato wa ku Angónia, nyemba ndi chimanga, zonsezi ndi malonda a halali. Koma mpamba wa katapira ndi riba, ngakhale wobwereketsayo atakhala m'bale wanu. Kuzembetsa katundu usiku m'njira zachidule, kupereka chiphuphu, kupotoza sikelo, kubisa mbatatesi yowola pansi pa thumba: kuchoka mu fumbi la malasha n'kukalowa mu zimenezi ndiko kugula moto ndi ndalama zako. Ngati mpamba wachepa, gwirizanani awiri kapena atatu, mulembe pangano pamaso pa mboni, phindu ndi kuluza mugawane monga mwapanganira.

Ndipo inu amene Allah wakutambasulirani riziki, pano pali achinyamata ofuna wowalozera kumsika. Mutengeni mmodzi m'shopu mwanu.

E Allah, tipatseni riziki la halali lotikwanira, mutsegulire khomo amene khomo lawatsekekera, ndipo mutikhululukire ife, makolo athu ndi Asilamu onse. Amin. Imirirani tiswali.