Nsangwe ndi Maubwenzi Athu

Mwezi wa Novembala, mvula yoyamba ikamayandikira, kagulu ka nyenyezi kamene makolo athu anakatcha Nsangwe kamatuluka kum'mawa dzuwa litangolowa. Kwa ife a ku Kachulu ndi midzi yozungulira, kum'mawa ndi kunyanja, choncho timakaona kakukwera pamwamba pa madzi a Chilwa. Pambuyo pake pamabwera Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana. Mu Nsangwe maso athu amawerengamo nyenyezi 6 kapena 7. M'chaka cha 1610 Galileo anayang'anapo ndi makina oonera kutali najambula nyenyezi 36, ndipo lero akatswiri a zakuthambo amawerenga zoposa 1,000.

Nyenyezi zambiri zimabadwa pagulu. Mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi umadzikoka wokha mpaka kupanga zibuma, zibumazo n'kutentha ndi kuyaka. Nsangwe inabadwa motero zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 440 kuti kutifike. Pafupi ndi Akamwiniatsatana pali kachifunga kotchedwa Orion Nebula, kumene nyenyezi zikubadwabe mpaka pano.

Pobadwapo, zambiri zimatuluka ziwiriziwiri, ina kuzungulira inzake. Pa nyenyezi zofanana ndi dzuwa lathu, pafupifupi theka zili ndi mnzake. Sirius, yowala kuposa zonse usiku, ili ndi kamnzake kamene kanaoneka koyamba mu 1862, ndipo ziwirizi zimazungulirana kamodzi pa zaka 50.

Chimene chikutikhudza pa phunziro lathu ndi zimene zimachitikira ziwiriziwirizi pakati pa gulu. Nyenyezi zikachulukana, zina zimadutsa pafupi n'kumazikoka. Mu 1975 katswiri wina, Douglas Heggie, anaonetsa kuti kukokana kumeneku kuli ndi zotsatira ziwiri. Ziwiri zimene zinali zoyandikana kwambiri zimayandikana koposa, pamene zimene zinali zotalikirana zimankira kutalikirana mpaka kusiyana. N'chifukwa chake pakati pa Orion Nebula, pamene pali pothithikana, ziwiriziwiri zotalikirana n'zochepa.

Ife a Chibahá'í timakhulupirira kuti sayansi ndi chipembedzo zimathandizana, ndipo 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti chikondi ndiyo mphamvu imene imagwirizanitsa zolengedwa, kuyambira tinthu tating'ono mpaka zakumwamba. Tsono tiyeni titsitse maso kuchoka kumwamba tione kwathu, tidzifunse: banja kapena ubwenzi ukatha, cholakwa chimakhala cha ndani?

Yankho lathu la masiku onse ndi lakuti alakwa ndi anthu akunja kapena mavuto. Ndipo mavutowo ndi enieni. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, ndi yosaya, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018. Ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimasowa, amuna n'kupita kukasaka ndalama ku Malombe, ku Mozambique kapena ku Joni. Ngakhale madzi atadzaza, msodzi amatha masabata ali pa zimbowera osaponda pakhomo. Padoko pamakhala ndalama, mowa ndi anthu obwera. Ameneyu ndiye gulu lodutsa pafupi n'kumakoka.

Komabe tonse tikudziwa mabanja awiri amene anakumana ndi chilala chimodzimodzi, lina n'kutha, lina n'kulimba kuposa kale. Kawirikawiri vuto limapeza mpata umene unalipo kale ndi kuukulitsa: mwamuna wobisa zimene wapeza pogulitsa nsomba, mkazi amene maganizo ake safunsidwa, awiri amene amalankhulana pokhapokha ankhoswe akabwera. Kumene kunali kuuzana zoona, vuto lomwelo limawakankhira pamodzi.

Tisafulumire kuweruza amene banja lawo linatha. Pali mikuntho imene imathyola ngakhale mtengo wolimba, ndipo amene wathawa nkhanza sanalakwe. Fanizo la nyenyezi lili ndi malire ake, ndipo pa malire omwewo pali phunziro. Nyenyezi siingasankhe mtunda umene yatalikirana ndi inzake. Munthu ali ndi mzimu ndi ufulu wosankha, choncho angathe kuyandikira mnzake chilala chisanafike. Bahá'u'lláh anatipatsa njira zake: kukambirana moona mtima, kupemphera, ndi kulemekezana. Chiphunzitso chakuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu chimayamba kuoneka pa zinthu zazing'ono, monga kuwerengera limodzi ndalama za matemba ndi kugwirizana za fizi ya ana bwato lisananyamuke.

Pali kusiyana kwinanso. Ziwiri zolimba za kumwamba zimalimba pokankha nyenyezi yachitatu ija, imene imachoka ndi liwiro lalikulu, nthawi zina mpaka kutuluka m'gulu. Nafenso timaona mabanja amene amati akulimba pothamangitsa apongozi, kutsekera abale chitseko ndi kudana ndi anansi. Kwa ife zimenezi sizingakhale chitsanzo. Lamulo la Chibahá'í lakuti ukwati uyambe ndi chilolezo cha makolo a mbali zonse cholinga chake n'chakuti mabanja awiri agwirizane. Banja lolimba ndi limene mwana wamasiye amapezako nsima, ndipo mnansi wokhumudwa amapezako womumvetsera.

Akatswiri amati tsiku lina Nsangwe idzamwazikana, chifukwa magulu otere sakhalitsa. Midzi yathu nayo imamwazikana madzi akaphwa, koma maubwenzi amene tawasamala amapita nafe kulikonse.

Tisanatseke ndi pemphero, tikambirane mafunso awa. Ndi ubale uti m'moyo wathu umene tausiya kuti utalikirane? Tingachite chiyani sabata ino kuti tiyandikire? Nanga gulu lathu lino, likamadutsa pafupi ndi mabanja a anthu, limawakokera pamodzi kapena limawalekanitsa ndi miseche?