Akathamangitsidwa pakhomo, akagona kuti?

Mu Disembala 2009 apolisi anamanga Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza atachita chinkhoswe ku Chirimba, mumzinda wa Blantyre. Mu Meyi 2010 khoti linawalamula kukakhala kundende zaka 14, koma patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno. Nyuzipepala zinkalemba za amuna awiri, chonsecho Tiwonge ankanena poyera kuti iye ndi mkazi, ndipo omudziwa ankamuitana Aunt Tiwo. Atatuluka, moyo kuno unamukanika. Anathawira ku Cape Town, komwe bungwe la Gender DynamiX linamuthandiza kukhazikika.

Ambiri timakumbukira chigamulo ndi chikhululukiro. Chimene timaiwala n'chakuti munthu womasulidwayo anasowa pokhala m'dziko lake lomwe. Tiwonge anali wamkulu, ndipo dziko lonse lapansi linali litamva dzina lake. Nanga mwana wazaka 16 wa ku Ndirande, wobadwa ndi thupi lachimuna koma wodzimva kuti ndi mtsikana, amene bambo ake amupeza ndi diresi m'chikwama n'kumuponyera zovala panja, adzamuthandiza ndani?

Lamulo silinasinthe. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho la Jana Gonani, mkazi wa transgender yemwe anamangidwa ku Mangochi, loti ndime 153, 154 ndi 156 za Penal Code, zimene amamangira amuna ogonana okhaokha, zithetsedwe. Mabungwe monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance akulimbana nazo zimenezi, ndipo ndi ntchito yofunika. Koma mwana uja sangadikire apilo. Iye akufuna mphasa usiku womwewo, fizi ya teremu yamawa, ndi wamkulu mmodzi woti amulankhulire.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mabungwe athu amaperewera. Ndalama zambiri zimathera m'misonkhano ya kuhotela, komwe anthu ogwirizana kale amauzana zomwe akudziwa kale. Nkhani ya mwanayo imagamulidwa kwina: pakhonde, pomwe pakhala mayi, azakhali ndi malume, mwinimbumba amene mawu ake sabwezedwa wamba. Bungwe lanzeru likhale ndi akuluakulu ake, amayi ndi abambo odziwa kuodira pakhomo ndi kudikira mpando, oti akakhale pansi ndi banjalo. Asapite ndi mawu aakulu achizungu. Apite ndi pempho laling'ono: mwanayu asamenyedwe, agone m'nyumba, apitirize sukulu. Mayi amene sakumvetsa n'komwe zimene mwana wake akunena angathe kuvomera zimenezo, chifukwa nthawi zambiri chomwe chikumudya ndi manyazi pamaso pa anzake a kumvano, osati chidani.

Wina anena kuti izi n'zotsutsana ndi chipembedzo. Inde, mu Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo anthu anatuluka ochuluka. Sindikuyembekeza kuti abusa asintha chiphunzitso mawa. Koma sindinamvepo mbusa kapena shehe akulalikira kuti mwana azigona kudepoti. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko imateteza mwana aliyense, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Pamenepo pali poyambira kukambirana ngakhale ndi munthu amene simugwirizana naye pa zina zonse.

Kuchipatala nako kuli ntchito. Wachinyamata wovala chitenje akaitanidwa pamzere ndi dzina lachimuna lolembedwa m'kabuku kake, anthu onse n'kucheuka, sabwereranso, ngakhale atadwala chotani. Kumuperekeza, ndi kudziwana ndi namwino mmodzi wosunga chinsinsi, n'zotheka popanda ndalama zambiri. Chimodzimodzinso alangizi oyankha mafoni a ana, monga pa nambala 116 ya Tithandizane: ayenera kuphunzitsidwa kumvetsera, kumuitana mwanayo ndi dzina limene wasankha, osathamangira kumuuza kuti akapemphereredwe.

Ndipo mabungwe asamale ndi makamera. Chithunzi chimodzi choikidwa pa Facebook pofuna kusangalatsa opereka thandizo chingafike pafoni ya mwininyumba kapena ya ahedi tsiku lomwelo. Mwanayo ndiye anene yekha woti amudziwe, ndi nthawi yake; a bungwe madzulo amabwerera kwawo, iye n'kutsala m'dera lomwelo.