Kodi Masiku a Sukulu Ndi a Yani?

Mu Januwale 2024 ana a sukulu m'dziko lathu anali atacapa mayunifomu ndi kugula makope, kuyembekezera kutsegulira pa 8. Zipata sizinatsegulidwe. Matenda a kolera anali atabuka mu Lusaka ndi kufalikira ku zigawo zina, ndipo odwala anaculuka kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Boma linakankhira tsiku lotsegulira ku 29 Januwale, kenaka linalikankhiranso ku 12 Febuluwale. Masabata asanu anapita, kutanthauza masiku 25 a maphunziro. Pofuna kubweza nthawi imeneyo, Unduna wa Maphunziro unakonzanso kalendala ndi kufupikitsa chuthi cotsatira.

Nthawi iriyonse pamene kalendala ya sukulu isinthidwa pamakhala mkangano. Ena amati ana atsalira, cotero chuthi cidulidwe, ndipo ngati n'kotheka aziphunzira ndi pa Ciweru pomwe. Ena amati mwana ndi mphunzitsi si makina, ayenera kupuma. Inu acinyamata mumaumva mkangano umenewu kunyumba ndi m'minibasi, ndipo mwina mumauona ngati nkhani ya akulu a m'maofesi. Koma pansi pake pali funso la cilungamo limene likhudza aliyense wa ife. Kodi masiku a sukulu ndi a yani, ndipo akatayika amene amavutika ndani?

Mmene caka cagawidwira

Caka ca sukulu m'Zambia cimayamba mu Januwale ndi kutha mu Disembala. Ciri ndi matemu atatu, ndipo temu iriyonse imakhala ya masabata pafupifupi 13. Pakati pake pali machuthi atatu a mwezi umodzi-umodzi: mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Tikawerengera masabata 39 a masiku asanu-asanu tipeza masiku 195, ndipo pamenepo ticotsepo maholide a dziko amene amagwera m'kati mwa temu, monga Tsiku la Acinyamata pa 12 Marichi ndi Tsiku la Ufulu pa 24 Okutobala. Motero pa masiku 365 a caka, mwana amakhala m'kalasi masiku ongopitirira theka pang'ono.

Maiko ena nawonso amawerenga masiku awo. Ku England masukulu a boma amafunika kuphunzitsa masiku 190 pa caka, ndipo m'zigawo zambiri za ku America lamulo limafuna masiku pafupifupi 180. Boma likaika kalendala yotere limakhala likulonjeza mwana aliyense, wa ku Kabulonga ndi wa ku Chama yemwe, kuti pa masiku akutiakuti adzapeza mphunzitsi ataima patsogolo pake.

Mbali ziwiri za mkangano

Amene amafuna masiku ambiri a sukulu ali ndi zifukwa zomveka. Silabasi ndi yaitali, ndipo tsiku la mayeso a Examinations Council of Zambia silisuntha kaamba kakuti mtsinje wa kwanu unadzala. Kucokera mu Januwale 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira giredi 12, makalasi ambiri anadzaza ndi ana, ndipo mphunzitsi wa kalasi lodzaza amafuna nthawi yoculuka kuti afike pa mwana aliyense. Ndiponso mwana akakhala kunyumba nthawi yaitali amaiwala, makamaka wamng'ono amene wangoyamba kumene kulumikiza zilembo.

Amene amateteza chuthi nawonso sanama. Mutu wotopa sulandira kanthu, ngakhale mphunzitsi alankhule kufikira mawu atatha. Pa chuthi m'pamene aphunzitsi ena amapita kukaconga mayeso a dziko lonse, ndipo ena amakapitiriza maphunziro awo m'makoleji. Ana a m'masukulu ogonera komweko amaonana ndi makolo awo. Chuthi ca Disembala cimagwera pa nyengo yobzala, ca Epulo cimafika zokolola zikuyamba, ndipo ca Ogasiti ndi nthawi ya maukwati, ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, ndi ya misasa ya acinyamata a m'mipingo. Pali zinthu zimene mwana amaphunzira kwa ambuya ake pa mtondo kapena ku dimba zimene simungazipeze m'silabasi iriyonse.

Tiyese ndi mwana uti?

Popeza mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, tifunikira muyeso woweruzira. Taganizirani ana awiri a giredi imodzi. Woyamba kwawo kuli magetsi, mabuku ndi foni ya intaneti, makolo ake anaphunzira, ndipo angathe kumulipirira mphunzitsi wapadera. Waciwiri amakhala kumudzi kapena m'komboni, ndipo buku lake ndi zimene mphunzitsi walemba pa bolodi basi. Sukulu ikatsekedwa, woyamba amangosintha malo ophunzirira. Waciwiri maphunziro ake amaimira pomwepo.

Zimenezi zinaoneka poyera mu 2020. Masukulu anatsekedwa pa 20 Marichi cifukwa ca COVID-19. Ana a makalasi a mayeso, a giredi 7, 9 ndi 12, anabwerera pa 1 Juni, koma ena onse anayembekezera kufikira mu Sepitembala. Maphunziro anaulutsidwa pa TV, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo anathandiza amene anali nazo zipangizo zimenezo. Ku Uganda kutsekako kunatenga pafupifupi zaka ziwiri, kufikira mu Januwale 2022. Kuno ndi kumeneko komwe, pamene belu linaliranso panali mipando ina yopanda eni. Anyamata ena anali atazolowera maganyu, atsikana ena anali ndi pakati kapena anali atakwatiwa. Ngakhale kuti kuyambira mu 1997 dziko lathu limalola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka, si onse amene amabwerera.

Palinso nkhani ya cakudya. M'masukulu ambiri a kum'mawa ana amalandira phala, ndipo bungwe la Mary's Meals lakhala likugwira nchito imeneyi kumeneko kucokera mu 2014. M'miyezi ya njala, pamene nkhokwe zatha ndipo cimanga sicinakhwime, phala limenelo kwa ana ena ndilo cakudya cotsimikizika ca tsikulo. Mu 2024, caka cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, tsiku la sukulu linali tsiku la kudya kwa ana ambiri.

Cotero yankho la funso lathu ndi lakuti masiku a sukulu ndi a mwana amene alibe kwina kophunzirira. Pamene tikangana za kalendala, tiyenera kuyesa mfundo iriyonse ndi mwana ameneyu. Kutseka masukulu pa nthawi ya kolera kunali koyenera, popeza mwana wakufa salemba mayeso, ndipo kusonkhanitsa ana mazana pamalo opanda madzi abwino ndi zimbudzi zokwanira kukanafalitsa matendawo. Komabe cifukwa cabwino sicifafaniza ngongole. Masiku amenewo analonjezedwa, ndipo kunali kolungama kuti ife tonse tivomereze chuthi cacifupi kuti abwezedwe.

Pali mfundo yovuta imene sitiyenera kuibisa. Banja losauka limene mwana wake amafuna kwambiri kalasi ndi lomwelonso limene limafuna manja ake ku munda. Kupalira mu Januwale, kutola thonje m'nyengo yozizira ndi kuweta ng'ombe zonse zimacitika temu iri m'kati. Kholo limene limauza mwana kuti lero usapite ku sukulu nthawi zambiri si kholo loipa mtima, likuopa njala. Koma zimene banja limapindula pa sabata limodzi la kupalira ndi zocepa poyerekeza ndi zimene mwana amataya akazolowera kulova. M'mera m'poyamba. Amene waphonya maziko a kuwerenga ndi masamu m'magiredi oyambirira amavutika nazo zaka zonse zotsatira.

Masiku otayika popanda cilengezo

Kolera inatenga masiku 25 ndipo dziko lonse linadandaula. Tsopano tiyeni tiwerenge masiku ena amene palibe nduna imene imawalengeza. Ambiri a inu mukudziwa mawu akuti sabata loyamba la temu sakuphunzitsa kanthu, n'kusesa ndi kulima pabwalo cabe. Mukudziwanso kuti mayeso a temu akatha, ena amalongeza mabuku ndi kuyamba chuthi cawo sukulu isanatseke. Ngati mwana ataya sabata loyamba ndi sabata lomaliza la temu iriyonse, wataya masabata asanu ndi limodzi pa caka, kutanthauza masiku 30. Amenewa ndi oculuka kuposa amene kolera inatenga, ndipo amabwerezedwa caka ndi caka.

Cizolowezi cimeneci cimadzidyetsa cokha. Ana sabwera poganiza kuti aphunzitsi sayamba, ndipo aphunzitsi ena sayamba poona kuti ana ndi ocepa. Onjezeranipo Cisanu ca amene amati mapeto a sabata ayamba kale, tsiku la msika, ndi maola a ocedwa amene amafika phunziro loyamba litatha. M'kaundula tsikulo limawerengedwa kuti sukulu inalipo, koma mwana uja amene anayenda mtunda wautali ndi njala wabwerera kwawo wopanda kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Apa m'pamene nkhani ya kalendala imakhala nkhani ya cikumbumtima. N'kosavuta kuloza boma cala likadula chuthi ndi sabata limodzi kapena awiri. Koma wophunzira amene amalova dala, ndi kunyengerera anzake kuti alove naye, akucepetsa masiku a kalasi lonse, popeza mphunzitsi adzayenera kubwereza phunziro cifukwa ca iye. Mphunzitsi amene amasiya kalasi popanda cifukwa, nalandira malipiro athunthu pa mapeto a mwezi, watenga cinthu cimene si cake. Ndipo amene amasunga mbali yofunika ya phunziro kuti akaiphunzitse pa chuthi kwa okhoza kulipira okha wagulitsa kaciwiri cinthu cimene mwana wosauka analonjezedwa kwaulere.

Kupuma nakonso ndi mangawa

Kunena zimenezi sikutanthauza kuti tidzaze caka conse ndi makalasi. Lamulo la Sabata m'Malemba silinapatse mpumulo mwini nyumba yekha. Linachula ana, anchito, mlendo ndi ziweto zomwe, ndiko kuti awo amene sakanatha kudzitengera okha mpumulo. Nzeru imeneyi igwiranso nchito pano. Mphunzitsi wa kumudzi amene amaphunzitsa gulu lina m'mawa ndi gulu lina masana ayenera kupuma, apo ayi adzafika m'kalasi ndi thupi lokha. Mwana wa giredi ya mayeso amene amaphunzira temu yonse, chuthi conse ndi Ciweru ciriconse angafike pa tsiku la mayeso atalefuka.

Tikumbukirenso kuti chuthi sicifanana kwa onse. Mtsikana amene amadzuka m'bandakuca kutunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake kufikira usiku, pamene mlongo wake akusewera mpira, sanapume ngakhale kalendala inene kuti ali pa chuthi. Banja lacilungamo limagawa nchito kuti aliyense apezeko nthawi yopuma ndi yotsegula buku. Motero kudula chuthi kukhale mankhwala a pa nthawi ya tsoka, monga mmene zinaliri mu 2024. Tikasamala masiku a temu amene tiri nawo kale, sipadzafunika kulanda masiku a kupuma.

Mbali yathu

Ambiri a ife sitidzaitanidwa ku msonkhano wokonza kalendala ya dziko, koma pali zimene gulu la acinyamata lingacite. Pa Sondo lomaliza la chuthi, kumbutsanani tsiku lotsegulira ndi kupangana kuti aliyense adzakhalepo pa tsiku loyamba. Ngati mnzanu sanaoneke sabata lathunthu, pitani kwawo mwaulemu mukafunse. Mwina vuto ndi nsapato, kope, kapena munda umene gulu lonse lingapalire pa Ciweru m'mawa umodzi. Amene muli m'makalasi apamwamba mungapatule masana awiri pa sabata pa nthawi ya chuthi kuwerengetsa ang'ono anu a m'mudzi kapena a m'komboni popanda kulipiritsa. Pokonza misasa, makwaya ndi maulendo a gulu, yang'anani kalendala ya sukulu coyamba kuti mpingo usakhale cifukwa ca kulova kwa wina. Ndipo pemphani makolo anu kupezeka pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, kuti akafunse mwamtendere ngati maphunziro amayambadi pa tsiku loyamba.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi pa temu yapitayi munataya masiku angati, ndipo ndi angati amene mukanatha kuwapulumutsa?

2. Ngati makolo apempha mwana kuti alove sukulu kaamba ka nchito ya ku munda, kodi mwanayo angayankhe motani popanda kuwanyoza?

3. Kodi kwanu nchito za pa chuthi zimagawidwa mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana?

4. Ndi mwana uti wa m'dera lanu amene sanabwerere ku sukulu temu ino, ndipo ndani mwa inu adzapita kukamuona sabata lino?